Ulendo wa ku Nathenje ndi Alekeni

Pa tsiku lotsekera sukulu, Bambo wotiyang'anira pa zauzimu adatilangiza monga mwa chizolowezi chawo kuti tikafika kumudzi tikaonekere kwa Bambo Mfumu, tizikatumikira pa Misa, tizikapita ku mphakati, ndiponso tikapewe magulu oipa. Za agalu sadanenepo kanthu. Malangizo atatu oyambawo ndidawasunga ndithu. Lachinayilo muweruze ndinu, abale anga, mukamva za gulu limene ndidayenda nalo mwezi wa Ogasiti 2025, lomwe lidali la msuweni wanga, ine, ndi galu wathu Alekeni.

Ndiyambe ndi dzinali, pakuti lidatsala pang'ono kundipalamulitsa. Kwathu kuno galu sapatsidwa dzina mwachisawawa. Dzina la galu ndi kalata yopita kwa anansi. Pamene ndidasankhidwa kubwera ku seminale mu 2022, anthu ena adayamba kunong'onezana pamjigo kuti fizi amayi adzaitenga kuti, ndipo kuti chaka chisanathe ndidzakhala nditabwerako ndi sutikesi pamutu. Amayi sadayankhe aliyense. Adangopempha kamwana kagalu kwa amalume nkukatcha Alekeni. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse amaima pakhonde ndi mbale ya mkute nkumafuula kuti, "Alekeni! Alekeni!" Galu amabwera akuthamanga, ndipo amene kalatayo ikuwakhudza amaimva ali m'nyumba zawo.

Agogo anga obala bambo amakhala kufupi ndi Nathenje. Adali akatekisi zaka zambiri, koma tsopano miyendo idawakana, moti Ukaristia amachita kuwabweretsera kunyumba. Amayi adandituma kuti ndikawaone, ndipo adandimangira mchere, sopo ndi paketi imodzi ya shuga. Musaipeputse paketiyo. Masiku amenewo shuga adali wodula ndi wovuta kupeza, ndipo amayi adaibisa pansi pa zovala milungu itatu kuti azing'ono anga asaione. Vuto lidali la mayendedwe. Kuchoka ku Mitundu kupita ku Nathenje pa minibasi, munthu amayamba waloza ku Lilongwe, kenaka nkukwera ina yolowera ku Dedza pa msewu wa M1. Ndi maulendo awiri, ndalama ziwiri, kubwerera chimodzimodzi, ndipo mitengo idali itakwera chifukwa cha kusowa kwa mafuta. Msuweni wanga, amene amandiposa zaka ziwiri, adati, "Nanga miyendo Mulungu adatipatsiranji? Tidule pa Bunda. Kapena ku seminale kudakufewetsani mapazi, asuweni?" Mawu amenewo ndi amene adandinyamutsa.

Tidanyamuka Lachisanu m'mamawa, mphepo ya mwera ikuluma makutu. Alekeni tidamusiya atamangidwa ku nsanamira ya khola. Titangodutsa pa msika wa Mitundu, pakati pa akabaza ndi anthu okankha njinga za makala ochokera ku Dzalanyama, ndidamva chinthu chozizira chikundigunda kumwendo. Kucheuka, ndi iyeyo, kachingwe kolumaluma kali lende m'khosi, mchira uli gwedegwede ngati wachita chinthu chaulemu. Ndidamuopseza, ndidatola mwala wabodza, ndidamulankhula ngakhale m'Chingerezi. Iye ankabwerera mapazi khumi, kukhala pansi, ndipo tikayamba kuyenda nayenso ankayamba. Msuweni wanga adati, "Mlekeni Alekeni." Choncho tidakhala atatu.

Phiri la Bunda ndidakula ndikuliona tsiku ndi tsiku koma ndidali ndisanalikwerepo. Patali limaoneka ngati chulu chachikulu. Ukafika pafupi ndi thanthwe lokhalokha, loterera, ndipo malo ena umakwera chokwawa, manja ndi miyendo. Galu ankatidikira patsogolo, akutiyang'ana momvetsa chisoni. Pamwamba tidapezapo anthu ambiri opemphera, ena atavala zoyera, ena atagona pathanthwepo usiku wonse osadya, aliyense akufuulira Mulungu mbali yakeyake. Akuluakulu amasimba kuti makolo athu ankaperekanso nsembe zopempha mvula pa phiri lomweli, kotero kuti mapemphero sadayambe lero pamenepo. Mayi wina adatsegula diso limodzi nkutiuza kuti galu tichoke naye pamalo oyera. Ndidafuna kuwayankha kuti m'buku la Tobiti muli galu amene adatsagana ndi mnyamata Tobiasi ndi mngelo Rafaele ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndipo mngeloyo sadamuthamangitse. Koma ndidakumbukira kuti bukuli mulibe m'Baibulo la abale athu a mipingo ina, ndiye ndikadangoyambitsa mkangano wachiwiri woyambawo usanathe. Tidasunthira kumbali.

Kumeneko ndiye kudali kuona dziko. Pansi pathu padali nyumba ndi minda ya koleji ya zaulimi ya Bunda, imene kale idali nthambi ya University of Malawi koma kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, ndipo masiku ano amaphunzitsako ngakhale madokotala a ziweto. Kumadzulo kudali mzere wobiriwira wa Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Kum'mawa, kumene tinkapita, kudali phiri la Nkhoma lili njo patali. Pakati ponsepo dziko lidali lofiirira, lopanda chovala, minda yokololedwa ndi malo otenthedwa ndi lupsa, koma apa ndi apo pankaoneka timagulu ta mitengo yothithikana.

"Werenga timitengo timeneto," adatero msuweni wanga.

Ndidawerenga mpaka kutopa. "Ndi nkhalango za midzi kodi?"

"Ndi manda. Aliwonse ukuwaonawo pali mudzi pambali pake. Mitengo ina yonse idathera ku zigafa za fodya, ku njerwa ndi ku makala. Yatsala ndi imene eni ake adagona."

Sindidaganizepo zambiri pa mawu amenewo. Ndidali ndi njala. Tidatsika, tidakagona kwa azakhali pafupi ndi phirilo, ndipo za kumeneko palibe chosimba kupatula nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ndi galu amene adalira panja mpaka adamulola kugona pakhomo la khitchini.

Loweruka tidalawirira kuloza kum'mawa, kutsata tinjira ta ngolo. Amene amangodutsa pa galimoto sadziwa kuti mwezi wa Ogasiti mudzi sukhala chete. M'madambo anthu adali kalikiliki kuthirira tomato, mpiru ndi chimanga cha m'dimba. Pena anyamata ankaumba njerwa, matope mpaka m'mawondo. Pena ana ankakumba mbewa m'minda, utsi uli tolotolo. Galimoto la kampeni lidatipitirira ndi zimkuzamawu zake, chifukwa chisankho cha pa 16 Sepitembala chidali pafupi, ndipo lidatisiyira fumbi lokha. Phiri la Ngala, lija lili ndi phanga looneka ngati kukamwa, lidatiperekeza nthawi yaitali. Pakhomo lililonse tinkapereka moni, ndipo paliponse funso lidali lomwelo: kwanu nkuti, mukupita kwa yani. Tikamalowa m'mudzi galu ndinkamumanga ndi luzi poopa nkhuku za eni, tikatuluka nkumumasula.

Dzuwa lili paliwombo tidatuluka m'mudzi wina umene sindiutchula dzina. Ndidamasula luzi. Tisanayende patali, kalulu adavumbuluka pa chitsa m'munda wotenthedwa. Alekeni adangoti phaa pambuyo pake. Kalulu adakhotera ku mitengo imene idali kumanzere kwa njira, galu naye momwemo, ndipo ine, osaganiza, ndidaponya chikwama pansi nkuthamangira komweko. Ndidamva msuweni wanga akukuwa kuti, "Iwe! Ima! Bwerera!" koma ndidayesa akuopa njoka.

Ndidalowa mapazi ngati khumi. Mkatimo mudali mozizira ndi mwamdima ngati m'tchalitchi m'mawa makandulo asanayatsidwe. Mudali mitengo ikuluikulu imene kwathu ndimangoimva maina, ndipo pansi padali masamba okhaokha. Kenaka ndidaona mitumbira, ina ya simenti, ina ya dothi, mtanda wathabwa wopendekeka, ndi mbale yachitsulo yobooka pansi. Tsitsi lidandiimirira. Ndidatuluka chafutambuyo, ndipo ndidapeza msuweni wanga ataima patali, manja ali m'chiuno, nkhope itasintha.

Tisanalankhulane tidamva mkuwo kuseri kwa mandawo. Galu adali atatulukira mbali inayo, pamene padali mjigo. Taganizirani mmene ankaonekera: thupi lonse phulusa, maso ofiira, lilime panja, dovu lili chuchuchu chifukwa cha liwiro ndi ludzu, ndiponso mlendo wosadziwika pamudzipo. Amayi adataya ndowa nkunyamula ana. "Galu wachiwewe! Galu wachiwewe!" Pamene tinkafika, amuna adali atatuluka kale ndi zibonga ndi mipini ya makasu, anyamata akugenda miyala. Ine ndidathamangira pakati pawo ndikufuula ndi mawu anga onse kuti, "Alekeni! Alekeni!"

Bambo wina wamtali adandigwira pamkono. "Iwe mwana, galu ameneyu ndi mfumu kuti uzimuti alekeni? Ukulamula ndani pamudzi pano?"

"Pepani bambo, ndi dzina lake."

Wina adaseka, koma mmodzi yekha. Galu adakwawa nkudzalowa pakati pa miyendo yanga, akunjenjemera, khutu likuchucha magazi pamene mwala udamupeza. Sakadatha kumumenya osandimenya ine, choncho adatitengera tonse kubwalo.

Anyakwawa adali munthu wokalamba, wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Adakhala pa mpando wandalema pansi pa mtengo wa kachere. Ife tidanjuta pansi nkuomba m'manja. Adatifunsa kwathu, makolo athu ndi mfunda wathu, ndipo atamva dzina la agogo adagwedeza mutu kuti akuwadziwa. Kenaka adatiuza chifukwa chimene anthu awo adachitira zimene adachitazo. Chaka chapitacho kamwana kagalu kadaluma mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri pachala. Bala lidali laling'ono, lidapola lokha, ndipo palibe adaganiza za chipatala. Patapita miyezi iwiri mwanayo adayamba kutentha thupi, kubwebweta, ndi kukuwa akaona madzi m'kapu. Pamene ankamutengera ku chipatala kudali kutachedwa. "Mayi wake ndi awo," adatero anyakwawa, osaloza ndi chala. Mayiyo adali atakhala kumapeto, maso ali pa galu wanga.

Mkwiyo umene ndidali nawo chifukwa cha khutu lija udathera pomwepo. Zimene adasimbazo ndi zimene mlangizi wa ziweto adatiuza pa dibi mwezi wa Julaye, tsiku limene ndidapita ndi Alekeni kukabayitsa katemera. Adati chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, palibenso mankhwala. Adati galu akakuluma kapena kukukanda, tsuka balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo upite ku chipatala tsiku lomwelo kukalandira jakisoni, ngakhale bala lichepe bwanji. Adatinso bungwe la zaumoyo la WHO limawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Tsiku limenelo ndinkamvetsera ndi khutu limodzi, ndikuganiza za mpira. Kakhadi kamene adandipatsa ndidangokaika m'buku langa la mapemphero kuti kazindisungira tsamba.

Kakhadi kameneko ndi kamene kadapulumutsa galu. Ndidapempha chikwama changa, ndidatsegula buku, ndipo mnyamata wina wa Folomu 4 adawerenga mokweza tsiku ndi chidindo. Mkulu wina sadakhutire. Adati abweretse madzi m'beseni tione ngati amwe. Alekeni adamwa mpaka kunyambita pansi, ndipo anthu adapumira m'mwamba. Kunena zoona, mlangizi uja adatiuza kuti kuopa madzi kumaoneka kwambiri mwa anthu, galu wachiwewe atha kumwa ndithu, ndiye mayesowo sadali oona. Koma sindidaone kuti imeneyo ndi nthawi yabwino yophunzitsa sayansi.

Ndidayamba kudzuka kuti ndithokoze. Anyakwawa adakweza dzanja.

"Wa galu watha. Tsopano ana akuti adaona fumbi kumanda. Kudalowa ndani?"

Abale anga, pano ndi pamene pali povuta kulemba, podziwa kuti magazini ino amawerenganso Abambo ndi makolo. Ndidayankha msangamsanga kuti, "Galu yekha, amfumu."

Chifukwa chake ndichinene. Msuweni wanga ndi wolowa ku gule, ine ayi. Kuyambira ndili mwana ndidamva kuti kumanda nkufupi ndi dambwe, ndipo kuti munthu wosagula njira akapezeka kumeneko amaona zakuda. Ku seminale nakonso timaopsezana nazo usiku m'chipinda chogona, aliyense kuwonjezera pake. Ndidaganiza kuti akangodziwa kuti mwana wa ku seminale waponda kumeneko, andigwira, ndipo mbiri ikafika kwa Bambo Rekitala isanafike kwa amayi. Ndidaona sutikesi ija ili pamutu, ndi anthu a pamjigo akuti tidanena ife.

Anyakwawa adatembenukira kwa msuweni wanga. "Iwe ndiwe wamkulu, ndipo mwambo ukuudziwa. Udali pomwepo."

Iye adayang'ana pansi, akujambula ndi kamtengo pa dothi. "Amfumu, pakamwa ali napo mwini wake."

Padali zii. Palibe adandikalipira, palibe adandiopseza. Anyakwawa ankangoyang'ana pachifuwa panga, ndipo nditatsitsa maso ndidaona kuti korona wanga adali atatuluka m'malaya pothamanga paja, kamtanda kali pamtunda. Sindikudziwa kuti padapita nthawi yaitali bwanji. Nkhuku idadutsa pakati pa bwalo ndi anapiye ake. Kenaka ndidamva mawu anga, aang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1, akuti, "Ndanama, amfumu. Ndinalowa. Ndimatsata galu."

"Tinadziwa," adatero. "Mapazi a galu savala nsapato za Bata."

Apa ndiye anthu adaseka onse, ndipo ine ndidalakalaka nthaka itang'ambika. Atatha kuseka, anyakwawa adalankhula, ndipo za gule sadatchulepo ngakhale kamodzi. Adati kumanda sikulowedwa popanda mfumu kudziwa. Ngakhale adzukulu okakumba manda amadikira kuti mfumu iwalozere malo, ndipo ngakhale nkhuni youma siitoledwa kumeneko. "Kumene unapondako kwagona amayi anga. Kwagona Akatolika anzako, a CCAP, a gule, onse malo amodzi, ndipo sakangana. Kwagonanso mwana uja takuuza. Kodi ine ndingalowe m'kachipinda kamene ansembe anu amavalira, ndikuthamangitsa kalulu?"

Mlandu udagamulidwa kuti ndilipe nkhuku imodzi. Nkhuku ndidalibe, ndalama zimene ndidali nazo sizikadagula ngakhale phiko. Adati ndisiye chikole. Ndidatsegula chikwama: mchere, sopo, buku, malaya, ndi paketi ija. Ndidapereka sopo, adapukusa mutu. Ndidapereka buku la mapemphero, adati limenelo ndikufunika kuliwerenga kwambiri. Shuga wa agogo adatsala pamudzipo.

Tidayenda nthawi yaitali osalankhulana. M'kalasi tidaphunzira za Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a KuNgoni ku Mua mu 1976 ndi kusonkhanitsa zambiri za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo pa mayeso ndidalemba bwino ndithu za kulemekeza chikhalidwe cha makolo. Koma pa bwalo lija, ine ndi amene ndidaganizira anthu zoipa, ndipo iwo ndi amene adandifunsa mfunda wanga asanandifunse mlandu. Zimenezi zinkandiwawa kuposa matuza a kumapazi, choncho ndidachita zimene munthu amachita akakhala ndi manyazi: ndidakalipira wina.

"Bwanji sunandithandize? Ukanangoti galu yekha."

"Asuweni," adatero, "si inu mukufuna kuti mawa anthu azidzagwada kwa inu nkumaulula? Ndimafuna ndione ngati inuyo mumatha."

Tidafika pa Nathenje dzuwa likulowa, malole a pa M1 atayatsa kale nyali. Agogo tidawapeza pakhonde atafunda bulangete. Adalandira mchere ndi sopo ndi manja awiri, kenaka adasuzumira m'chikwama, pakuti amayi adali atawatumizira kale uthenga pa foni za shugayo. Ndidasimba zonse, osasiyako ngakhale za nsapato. Adaseka mpaka kutsokomola, kenaka adandifunsa kuti, "Mnzanga, lero ndi pa chani?" Ndidati pa 16 Ogasiti. Adati ndikayang'ane m'kalendala ya oyera. Ndi tsiku la Roko Woyera, wa ku Montpellier ku France, amene ankasamala odwala mliri ku Italy m'zaka za m'ma 1300. Mwambo umati iye mwini atadwala adakabisala m'nkhalango kuti asapatsire ena, ndipo galu ndi amene ankamubweretsera buledi tsiku ndi tsiku. "Galu wa Roko ankabweretsa chakudya," adatero agogo. "Wakoyu wachotsa." M'mawa mwake, Lamulungu, tidamwa tiyi wopanda shuga ndi mbatata, ndipo pa kapu iliyonse agogo ankayang'ana Alekeni nkupukusa mutu.

Lolemba adatuma mdzukulu wina kugwira thadzi lakuda. Kubwerera ndi nkhuku m'khwapa ndi galu pa luzi, galuyo maso ali pa nkhukuyo njira yonse, ndi chilango chimene anyakwawa sadachitchule koma ndikhulupirira adachiwerengera. Tidawapeza pansi pa kachere pomwe paja. Adalandira nkhuku, adaitembenuza uku ndi uku, natuma mwana m'nyumba. Paketi idabwera yosatsegula. Adandifunsa kuti katemera uja adabayira kuti ndipo mlangiziyo angamupeze bwanji, chifukwa pamudzi pawo agalu ngambiri ndipo palibe ngakhale mmodzi ali ndi khadi. Ndidawalembera pa pepala zimene ndinkadziwa, pamodzi ndi za mphindi 15 zija, ndipo mnyamata wa Folomu 4 adati akaziwerenga pa msonkhano wa mudzi. Potuluka tidadutsa pamjigo. Mayi uja adali pomwepo akupopa madzi. Ndidapereka moni, adayankha, koma galu sadamuyang'ane, ndipo ine ndidafupikitsa luzi mpaka titapitirira manda.

Tsopano tidali pakati pa njira ndi shuga amene mwini wake tidamusiya kumbuyo. Kubwerera ku Nathenje miyendo idakana. Tidafika naye ku Mitundu usiku, ndipo amayi ataona paketi yomweyo ikutuluka m'chikwama adagwira pakamwa. Msuweni wanga adakaipereka pa njinga yobwereka Loweruka lotsatira, atandilipiritsa mabuku awiri olembamo. Khutu la Alekeni lidapola, koma lidatsala lopindika.